Kodi umphawi ndi umene ukuwaiwalitsa amayi anga?

"Adokotala, amayi anga ali ndi zaka 73. Chaka chino ayamba kuiwalaiwala kwambiri, funso lomwelo amafunsa katatu, ndalama akaika penapake sakumbukira kenako amati tawabera, ndipo tsiku lina anasiya poto pamoto mpaka kupserera. Chimene chikundiwawa nchakuti ali ndi mnzawo wamsinkhu umodzi, iye anaphunzira nkugwira ntchito yabwino, pano akudya penshoni ndipo mutu wake ukugwira bwinobwino. Amayi anga sukulu analekera kalasi yachiwiri, moyo wawo wonse akhala akuvutika kutilera okha poti bambo anamwalira kalekale. Ali ndi BP koma mankhwala amamwa mwa apo ndi apo. Kodi umphawi ungaononge ubongo? Nanga ife opanda ndalamafe tingachitepo chani, kapena tachedwa kale?" Mwana wawo wamkazi

Chemwali, pepani ndi zimene mukudutsamo, ndipo mwachita bwino kufunsa panopa zinthu zisanafike patali. Ndiyankhe kaye mosapita mmbali: eya, umphawi umaukhudza ubongo wa munthu akamakalamba, zimene mwaona poyerekeza amayi ndi mnzawo uja si maso anu okha ayi, ofufuza anaziona kalekale. Koma zoti mwachedwa nde ndikukana. Komanso tisathamangire kunena kuti amayi ali ndi dementia, matenda a ubongo ofooketsa kukumbukira ndi kuganiza, asanapimidwe bwinobwino, chifukwa pa zaka zimene ndakhala ndikuona okalamba, alipo ndithu amene abale awo anabwera nawo atataya kale mtima koma titafufuza tinapeza kuti gawo lalikulu la vutolo linali lochizika.

Bungwe loona za umoyo la WHO limati padziko lonse anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dementia, ndipo oposa 60 pa 100 aliwonse mwa iwo ali mmaiko osauka ndi apakatikati. Koma nkhaniyi si ya maiko osauka okha. Ku England, Dorina Cadar ndi anzake a ku University College London anatsatira okalamba oposa 6,000 kwa zaka pafupifupi 12, ndipo mu 2018 analengeza kuti amene anali pansi penipeni pa chuma anali ndi chiopsezo chokulirapo ndi theka kapena kuposa apo poyerekeza ndi olemera kwambiri, olo atachotserapo kusiyana kwa maphunziro. Taganizani, kumeneko nkumene munthu amaonana ndi dokotala mchipatala cha boma osalipira, koma kusiyana kunaonekabe. Nde vuto si ndalama ya kuchipatala yokha.

Chimene ndimafuna anthu amvetse nchakuti umphawi suluma ubongo mwachindunji ngati kachilombo. Umadzera mzinthu zina, ndipo zinthuzo zili ndi maina. Gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Gill Livingston, limene limalemba mmagazini ya zachipatala ya Lancet, mu 2024 linatchula zinthu 14 zimene zikanapewedwa zonse, pafupifupi 45 pa 100 ya dementia ikanapewedwa kapena kuchedwetsedwa. Muli kusaphunzira mokwanira, kusamva bwino, kusaona bwino, BP, shuga, mafuta oipa mmagazi, kunenepa kwambiri, fodya, mowa wambiri, matenda okhumudwa, kuvulala mmutu, kusayendayenda, kukhala wekhawekha ndi mpweya woipa. Werenganinso mndandandawo nkudzifunsa kuti zambiri mwa izi zimamugwera ndani, komanso ndani amene zikamugwera amakhala nazo zaka ndi zaka osathandizidwa. Yankho mukulidziwa.

Za sukulu tiyambe nazo poti mwazitchula. Ku America kunachitika kafukufuku wa masisitere achikatolika 678, anayamba ndi David Snowdon mu 1986, ndipo masisiterewo anavomera kuti akadzamwalira ubongo wawo udzapimidwe. Chodabwitsa chinali chakuti ena ubongo wawo unapezeka uli ndi zizindikiro zambiri za matenda a Alzheimer, omwe ndi mtundu wa dementia wofala kwambiri, koma ali moyo ankaganiza bwinobwino mpaka kumapeto. Zili ngati mudzi wa njira zambiri, njira imodzi ikakumbika ndi madzi anthu amadzera ina nkufikabe, pamene mudzi wa njira imodzi ikangoduka basi zonse zaima. Kuwerenga, kulemba, ntchito yofuna kuganiza zatsopano, kucheza ndi anthu osiyanasiyana, zonsezi zimalambula njira zoonjezera mu ubongo, nde matenda olo atayamba amachedwa kuonekera. Mnzawo wa amayi uja mwina akudyerera zimenezi. Koma musamve ngati ndikuti amayi anu alibe nzeru, ayi ndithu, munthu amene analera ana yekha wopanda kalikonse mutu wake unagwira ntchito yaikulu kuposa ambiri a mmaofesi. Komanso sukulu si katemera, Ronald Reagan anali pulezidenti wa America koma mu 1994 analengeza yekha kuti ali ndi Alzheimer. Ndipo sukulu ya amayi sitingaibweze, nde tisatayepo nthawi.

Pamene pandigwira mtima mkalata yanu ndi apa pakuti mankhwala a BP amamwa mwa apo ndi apo. Izi ndimaziona pafupifupi tsiku lililonse la kiliniki. Gogo amabwera ndi kajumbo ka mapilisi, ndikakhuthulira patebulo nkuwerenga ndimapeza mankhwala a mwezi umodzi atha miyezi itatu ndipo akadalipo, ena anawadula pakati ndi mpeni. Ndikafunsa amati "ndimamwa mutu ukandipweteka, kuti asathe msanga". Sikuti ndi umbuli, akuwerengera thiransipoti, akuwerengera tsiku lonse lokhala pamzere, akuwerengera kuti kaya akawapeza mankhwalawo. Koma vuto la BP nlakuti nthawi zambiri siipweteka, munthu amamva bwinobwino kwinaku timitsempha ting'onoting'ono ta magazi mkati mwa ubongo tikuuma nkumatsekeka pang'onopang'ono. Pamachitika tisitiroko tating'ono tosagwetsa munthu, osapinda kamwa, koma tikachulukana munthu amayamba kuganiza mochedwa, kusokoneza ndondomeko ya ntchito imene ankaidziwa, nthawi zina ngakhale kayendedwe kamasintha, amayenda timasitepe tating'ono ngati mapazi akukanirira pansi. Mtundu uwu wa dementia ya mitsempha ndi wachiwiri kuchuluka pambuyo pa Alzheimer, ndipo okalamba ambiri amakhala ndi zonse ziwiri pamodzi. Kafukufuku wa SPRINT MIND ku America, wa anthu oposa 9,000, anaonetsa mu 2019 kuti kutsitsa BP mosamalitsa kunachepetsa chiyambi cha kufooka kwa maganizo ndi 19 pa 100. Sindikuti mukawaonjezere mapilisi nokha, chonde ayi, BP ikatsika mopyola mwa munthu wamkulu amachita chizungulire nkugwa. Ndikuti amwe tsiku ndi tsiku mmene analembera adokotala, mutu upweteke usapweteke, ndipo azipimitsa. Ngati pali chinthu chimodzi choti banja lisonkherane ndalama, kwa ine nchimenechi.

Kenako makutu ndi maso, zimene anthu amazitenga ngati ukalamba basi. Munthu amene sakumva bwino sangakumbukire zimene sanamve, nde amafunsanso, inu nkumati aiwala. Ubongo umathera mphamvu pongoyesa kulumikiza mawu omveka mwa theka, kenako munthu amatopa nazo nkuyamba kukhala phee pagulu, kenako amasiyiratu kupita kumene kuli anthu. Yesani izi, imani kumbuyo kwawo pang'ono nkulankhula ndi mawu wamba osakweza, muone ngati akuyankha. Ndinaonapo bambo wina wachikulire amene ana ake ankati mutu wasokonekera, titayang'ana mmakutu onse awiri munali phula louma lotsekeratu, titalichotsa anayamba kuyankha mafunso onse nkumatidabwa kuti tikukuwiranji. Si onse amene zimawathera bwino chonchi, koma kuyang'ana mkhutu sikutenga olo mphindi zisanu. Timakina tothandiza kumva nto dula, izi nzoona, koma pa kafukufuku wa ACHIEVE wa mu 2023, mwa okalamba amene anali pachiopsezo chachikulu nkupatsidwa timakinati, kufooka kwa maganizo kunachedwa pafupifupi ndi theka pa zaka zitatu, ngakhale kuti kwa gulu lonse kusiyana sikunaoneke. Maso nawo chimodzimodzi, ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndipo ena amangofunika magalasi.

Nkhawa ya ndalama payokha imadya malo mmutu. Mu 2013 Sendhil Mullainathan, Eldar Shafir ndi anzawo analemba mmagazini ya Science za alimi a nzimbe ku Tamil Nadu, India. Alimi omwewo anapatsidwa mayeso a kaganizidwe asanakolole, ali ndi ngongole mthumba mulibe kanthu, nkupatsidwanso atagulitsa nzimbe, ndipo anakhoza bwino ndalama zitalowa. Munthu yemweyo, mutu womwewo. Ndipo ku Mpumalanga, South Africa, ofufuza analengeza mu 2024 kuti akuluakulu a mmabanja amene ankalandira kandalama ka mwezi ndi mwezi kukumbukira kwawo kunkatsika mochedwerapo kusiyana ndi anzawo. Nde tanthauzo lake kwa inu nlakuti ngati amayi akugonabe akuwerengera za mawa, za ngongole, za adzukulu amene anawasiyira, mtolo umenewo kuwatula ndi mankhwala ndithu. Kandalama kochepa koma kobwera pa tsiku lodziwika kamakhazika mtima pansi kuposa yambiri yobwera mwadzidzidzi kamodzi pachaka.

Zina ndingozidutsa mwachangu. Utsi wophikira mnyumba yosatuluka mpweya, umene anthu oposa 2 biliyoni padziko amapuma, ngozi zovulaza mutu pa ntchito zolemetsa, kumenyedwa mbanja, kusowa zakudya zokwanira kuyambira ali mwana, umasiye wokhalitsa. Zonsezi zimaunjikana.

Tsopano za kupimitsa, ndipo apa mutchere khutu chifukwa osauka amalakwiridwa mbali zonse ziwiri. Mbali ina, gogo akafika kuchipatala amangouzidwa kuti ndi ukalamba pitani, osapimidwa nkomwe. Mbali inayo, akapimidwa amapatsidwa mayeso opangira anthu ophunzira. Mayeso otchuka a MMSE, a mu 1975, ali ndi mamalikisi 30 ndipo muli kuchotsera 7 mobwerezabwereza kuyambira pa 100, kulemba chiganizo, kukopera chojambula. Munthu amene sanazolowere kugwira cholembera amalephera zimenezi ubongo wake uli bwinobwino, amanjenjemera, amachita manyazi, basi nkumulembera dementia. Vutoli nlodziwika, nchifukwa chake mu 1998 Martin Prince ndi anzake anayambitsa gulu la 10/66 kuti lipeze njira zopimira zoyenera anthu osaphunzira kwambiri, ndipo pali mayeso ena ngati RUDAS a ku Australia ndi IDEA a ku Tanzania, osadalira kwambiri sukulu. Nde mukafika muwauziretu adokotala kuti amayi sukulu analekera pati. Koma umboni waukulu kuposa mayeso onsewa ndi inuyo. Funso lenileni nlakuti, nchani chimene amayi ankachita bwino zaka ziwiri zapitazo chimene pano chikuwakanika? Kuwerengera chenji, kuphika chakudya chimene akhala akuphika moyo wonse, kupeza njira yobwerera kunyumba, kuzindikira abale. Lembani papepala musananyamuke, zinayamba liti, zikukula pang'onopang'ono kapena zinabwera kamodzinkamodzi, ndipo apite ndi munthu amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku osati wongobwera kudzacheza.

Mutengenso mankhwala onse amene amamwa, ogula okha ndi azitsamba omwe. Mankhwala ena wamba amasokoneza mutu wa okalamba, monga Piriton, amitriptyline ndi diazepam, ndipo ambiri amawamwa kuti agone. Mupemphe kuti apimidwe shuga, kuchuluka kwa magazi, chithokomiro ndi vitamini B12 ngati nkotheka. B12 amachepa mwa okalamba, makamaka amene zakudya zochokera ku nyama amazipeza mwa kamodzikamodzi komanso amene amwa mankhwala a shuga a metformin nthawi yaitali, ndipo kuchepa kwake kumabweretsa kuiwala ndi dzanzi kumapazi. HIV ndi chindoko apimidwenso, ndikudziwa kuti kwa kholo zimachititsa manyazi kutchula koma matenda onse awiri amafika ku ubongo ndipo onse ali ndi mankhwala, msinkhu si chitetezo. Ndipo musaiwale matenda okhumudwa. Mayi wamasiye amene wavutika zaka zonsezi akhoza kukhala nawo osadziwa. Kawirikawiri wokhumudwa amadandaula yekha kuti ndikuiwala, ukamufunsa amangoti "kaya, sindikudziwa" osayesa nkomwe, tulo ndi chilakolako cha chakudya zimasokonekera, pamene wa dementia nthawi zambiri amabisa kapena kukana kuti pali vuto. Kukhumudwa kumachizika, olo pa zaka 73.

Pali zina zosadikira tsiku la kiliniki. Ngati asokonezeka mwadzidzidzi pa maola kapena masiku ochepa, akuona zinthu zimene palibe, akuodzera masana usiku nkumalongolola, chimenecho nthawi zambiri si dementia koma thupi likudwala penapake, mwina matenda a mchikhodzodzo, chibayo, kuchepa kwa madzi mthupi kapena shuga watsika, pitani nawo tsiku lomwelo. Kamwa ikapindika, mkono kapena mwendo ukafooka, mawu akamatuluka mosamveka, imeneyo ndi sitiroko, thamangani. Komanso ngati anagwapo nkumenyetsa mutu, olo masabata angapo apitawo, kenako nkuyamba kusintha, muwauze adokotala, chifukwa mwa okalamba magazi amatha kudontha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza ndipo akachotsedwa munthu amatha kubwerera mwakale.

Nanga zikapezeka kuti ndi dementia yeniyeni? Sindikunamizani, mankhwala ochiziratu palibe, kwa olemera ngakhale kwa osauka. Mankhwala a donepezil ndi memantine amathandizako ena kwa kanthawi koma saimitsa matenda. Atsopano ngati lecanemab, amene America inavomereza mu 2023, ndi odula zedi, amafuna kujambula ubongo pafupipafupi ndipo amangochedwetsa pang'ono. Nde musadzione olephera chifukwa simungawakwanitse. Chimene ndikuchenjezeni kwambiri ndi mabotolo a "zolimbitsa ubongo" amene amatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mankhwala azitsamba otere a Ginkgo biloba anayesedwa pa okalamba oposa 3,000 ku America, zotsatira zinatuluka mu 2008, sanapewetse dementia. Zimandipweteka kuona banja likusiya kugula mankhwala a BP kuti likwanitse botolo lotere.

Zimene zinaonetsa kuthandiza nzosafuna chuma chambiri. Ku Finland, kafukufuku wa FINGER wotsogoleredwa ndi Miia Kivipelto anatenga okalamba 1,260 kwa zaka ziwiri, ndipo mu 2015 anapeza kuti kuphatikiza kulimbitsa thupi, kudya mosamala, kugwiritsa ntchito mutu, kucheza ndi kuyang'anira BP ndi shuga kunasunga kaganizidwe bwinoko. Kwa amayi anu zikutanthauza kuyenda tsiku lililonse ndi munthu wina, kupitabe kumene amakumana ndi anzawo, mnzawo wa penshoni uja azibwera azicheza. Ndipo cholakwika chimene ana achikondi amachita nkuwalanda ntchito zonse, "amayi khalani pansi tichita ndife". Munthu wongokhala amatha msanga. Aziphikabe koma wina ali pafupi chifukwa cha moto uja, azipinda zovala, azisesa, aziphunzitsa adzukulu zimene amadziwa. Mapilisi azisunga munthu mmodzi wodziwika, aziwapatsa nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse nkuchonga pakalendala, osati aliyense kumaganiza kuti mnzake wawapatsa kale.

Za kukunenani kuti mwawabera, ndikudziwa zimalasa mtima, makamaka kwa mwana amene akudzimana kuti awasamale. Koma taonani mmene zikuonekera kwa iwo, ndalama anaika, pano palibe, zoti anazisuntha sakukumbukira, nde mutu umadzaza mpatawo ndi nkhani yoti wina watenga. Kwa munthu amene moyo wonse wakhala akuteteza kandalama kochepa mantha amenewa amakhala aakulu. Kukangana nawo sikuthandiza, umboni sauvomera. Nenani kuti "tiyeni tifufuzire limodzi", mudziwe malo amene amakonda kubisa chifukwa kawirikawiri amakhala omwewo, azikhala ndi kandalama kochepa mmanja kuti asamve ngati alandidwa ulemu, zochulukirapo zisungidwe ndi munthu amene banja lonse lagwirizana ndipo azilemba. Izi zimatetezanso inuyo ku mikangano ya pachibale, komanso iwowo kwa anthu achinyengo amene amadyera masuku pamutu okalamba oiwalaiwala, kuphatikizapo a pafoni.

Inuyo musasenze nokha. Kusamalira munthu woiwala kumagwera ana aakazi nthawi zambiri, ena mpaka kusiya ntchito kapena bizinesi, umphawi uja nkupitirira ku mbadwo wina. Khalani pansi ndi abale anu mugawane zenizeni, uyu thiransipoti ya kuchipatala, uyu mankhwala, uyu kugona nawo masiku akutiakuti. Mukaona kuti tulo takusowani, mukupsa mtima msanga kapena mukulira pafupipafupi, muwauze a zaumoyo, chimenechonso nchofunika chithandizo. Ndipo poti amayi ali ndi zaka 73 ndikuganiza kuti inu muli mzaka za mma 40 kapena 50, msinkhu umene BP, shuga ndi mafuta a mmagazi zimayamba kuononga mwakachetechete zimene zidzaonekere zaka 20 kutsogoloku. Tsiku limene mukawaperekeze amayi, nanunso mutambasule mkono akupimeni.